Tsiku Limene Roneel Sanabwere

Thabwa lakuda linathyoka Lachinayi madzulo, mu holo ya tchalitchi imene gulu la taikondo, masewera a nkhonya ndi mateche, la aphunzitsi a Fong limabwereka mu mzinda wa Lautoka. Torika anangoti njo, chibakera chidakali m'malere, osakhulupirira. Matabwa ophunzirira aja ndi apulasitiki. Ukalimenya bwino limagawika pakati, kenako zidutswa ziwirizo umazilowetsanso m'mano ake, n'kukhalanso lathunthu. Lachikasu amathyola ndi ana, lofiira Torika anali atalizolowera, koma lakuda, lolimba kuposa onse, linali litamukanika kuyambira chaka chatha.

"Ukuyang'ananji?" anafunsa Roneel, wothandizira aphunzitsi, amene anagwira thabwalo. "Wathyola ndiwe, si mphepo ayi."

"Lumikiza ndibwereze."

Roneel analumikiza. Torika anakoka mpweya n'kumenyanso, thabwa lija n'kugawikanso. Holo yonse inaomba m'manja kupatula Savenaca, mnyamata wamtali wa lamba wakuda, wa mudzi umodzi ndi bambo a Torika. Iyeyu anangopinda manja pachifuwa.

"Mphamvu zabwera mwadzidzidzi, Tori," anatero. "Wadya chiyani lero?"

"Nsanje zako ndi zimene ndadya," anayankha Torika, anzake n'kuseka.

Ataweruka, Roneel anamuperekeza pokwerera basi monga mwa masiku onse, atatsalira pang'ono kuti anthu asawaone akutuluka limodzi. Chibwenzi chawo chinayamba nyengo yodula nzimbe yapitayo, ndipo panalibe wachibale, wa uku kapena wa uko, amene anauzidwa. Roneel anagula roti, chapati chokulungamo mbatata, pa ngolo ya pakona n'kumugawa pakati.

"Loweruka pa mayeso a lamba wakuda thabwa ugwira ndiwe, eti?" anafunsa Torika. "Woyesa amene akubwera kuchokera ku Suva akuti saseka ndi munthu. Ndikaona nkhope yako kuseri kwa thabwa mtima umakhala pansi."

"Agwira ndani wina? Ndine."

"Ndikangomanga lamba wakuda, ndikugwira dzanja mpaka pamene akhale bambo. Ndatopa ndi zobisala ngati tinaba mbuzi."

Roneel anatafuna nthawi yaitali.

"Tiyambe tathana ndi thabwa," anatero.

Basi inafika nyimbo zili pamwamba. Torika anakwera akumwetulira yekha, ndipo yankho lija sanalilingalire n'komwe.

*

Anapeza bambo ake, a Inoke, ali pakhonde akukonza ulaliki wa Lamulungu. Chimwalirireni mayi a Torika, m'nyumbamo ankakhala awiri okha, ndipo nkhani ya taikondo ndi imene inkawayambanitsa kawirikawiri.

"Bambo, lero ndathyola lakuda lija."

A Inoke anavula magalasi.

"Pangano lathu ukulikumbuka?"

"Ndikulikumbuka."

"Linene."

"Ndikapambana, simudzandiletsanso. Ndikalephera, ndipinda zovala zoyera zija, ndikakhale ndi azakhali kumudzi ku Ra."

"Ndi lomwelo. Mtsikana wa msinkhu wako sangamangokhalira kumenya matabwa ngati kalipentala wopenga. Anzako onse ali pabanja." Anavalanso magalasi n'kuyang'ana m'buku. "Nanga mnyamata wa Chimwenye amene amakugulira roti pa siteji ndi ndani?"



"Ndi wothandizira aphunzitsi. Wakuuzani ndani?"

"Lautoka ndi yaing'ono, mwana wanga. Anthu aja ali ndi miyambo yawo, ife tili ndi yathu. Akuseka nawe lero, koma tsiku lokwatira akatenga wakwawo. Ine Loweruka ndibwera ndidzaone ndi maso anga."

Torika analowa m'nyumba. Mumtima ankati aona okha.

*

Loweruka m'mawa, akumanga tsitsi m'kachipinda kosinthira zovala, foni inalira. Unali uthenga wa Roneel.

"Amayi adwala mwadzidzidzi, tili kuchipatala. Sinditha kubwera. Pepa kwambiri, wokondedwa. Uthyola, ndikudziwa."

Anaimba, koma foni inangoitana. Analemba kuti, "Uwapatse moni amayi, ndiwapempherera," n'kutuluka.

Mu holo munali modzaza. A Inoke anakhala kutsogolo, atavala jekete ndi nsalu yawo yakuda yomanga m'chiuno ya kutchalitchi. Zoyambirira zonse zinayenda bwino. Mayendedwe anawakhoza osaphonya phazi, ndipo pomenyana anagwetsa mtsikana wa ku Nadi ndi theche limodzi, mpaka a Fong anagwedeza mutu. Kenako woyesa uja anatsegula chikwama chake n'kutulutsa matabwa amene anabwera nawo ku Suva, atsopano, onyezimira.

"Savenaca, gwira," anatero a Fong.

Savenaca anaponda mwamphamvu, n'kuwongola mikono, thabwa lakuda lili patsogolo.

"Ine ndimagwira zenizeni, Tori," ananong'ona.

Torika anamenya. Thabwa silinasunthe, ndipo ululu unakwera mpaka paphewa. Anadabwa. Anabwerera m'mbuyo, n'kukumbukira zonse zimene Roneel ankanena, zoti ayang'ane kuseri kwa thabwa, zoti mphamvu ichokere m'chiuno. Anamenyanso. Linangolira ngati chitseko.

"Kotsiriza," anatero woyesa.

Apa Torika anaponya thupi lonse. Chinachake chinalira, koma sichinali thabwa. Anagwada pansi atafumbata dzanja, misozi ikutuluka yokha. Woyesa analankhula mofatsa kuti adzayesenso chaka chamawa.

A Inoke anadzuka, namukulunga dzanja ndi mpango wawo. Sanatchule za pangano. Kusatchulako n'kumene kunamupweteka Torika koposa.

*

Kuchipatala anati fupa la chala lang'aluka, ndipo anamumanga bandeji mpaka pamkono. A Inoke anati ali ndi zokonza kunyumba, namusiya ndi Savenaca, amene anawabweretsa pa galimoto yake. Torika anazungulira m'mawodi kufunsa za mayi a Roneel, koma anamwino onse anapukusa mitu.

"Usavutike, kuno kulibe," anatero Savenaca atatuluka panja. "Ndawaona m'mawa pamsika akusankha maluwa. Munthu wodwala satsutsa mtengo wa maluwa chonchija."

"Usayambe, Save. Lero ayi."

"Bwera uone kanthu."

Anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa thabwa lakuda lakale, lija la Lachinayi. Analigwira ndi manja awiri n'kulipinda pang'ono chabe. Linagawika ngati bisiketi.

"Yang'ana mano akewa. Ukuona mmene asalalira? Si kutha ndi ukalamba kumeneku. Anapalidwa ndi tupa. Roneel ankalisunga m'chikwama chake, amalitulutsa ikafika nthawi yako yokha. Lachinayi analiiwala mu holo, ndinalitenga ine."

Torika anapititsa chala cha dzanja labwino pa mano aja. Anali osalala ngati sopo. Anakumbukira mmene anadumphira Lachinayi, mmene anadzitamira kwa bambo ake pakhonde. Anamva manyazi ngati wavulidwa pamsika.

"Iwe unadziwa liti?"

"Ndinamuona akupala sabata yatha, kuseri kwa holo."

"Osandiuza?"

"Ukanandikhulupirira? Ukanati ndi nsanje. Unanenanso wekha pamaso pa anthu."

"Ndiye unagwira thabwa latsopano, ukudziwa kuti sindingathe, n'kumandiyang'ana ndikuswa dzanja langa."

Savenaca anayang'ana kumbali.

"Bodzalo si langa, Tori. Ngati ukufuna kuona odwalawo, pita kwawo kuseri kwa fakitale ya shuga. Ndikanakuperekeza, koma ndili ndi kopita."

*

Nyumba ya kwa Roneel ankaidziwa ndi maso okha, poidutsa pa basi. Tsikuli panja panali magalimoto, pakhomo nsapato zambiri, ndipo fungo la zokazinga linkafika mpaka kumsewu. Torika anali adakali m'buluku loyera la masewera, atavala sikipa pamwamba.

Anatsegula chitseko ndi mayi wonenepa bwino, atavala sari yofiira ya ulusi wagolide, nkhope ikuwala ndi thanzi.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ndine Torika. Ndimafuna Roneel."

Mayi aja anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka pa bandeji.

"Oo, ndiwe wa kumasewera kuja. Wavulala, mwana wanga? Masewera amenewa si a atsikana. Dikira." Anabwerera ndi mbale ya maswiti a mkaka. "Tenga, lero ndi tsiku labwino pakhomo pano. Kwabwera alendo ochokera ku Labasa kudzaona Roneel. Mwana wawo ndi namwino ku Sydney."

"Ndinamva kuti mwadwala."

"Ine? Ndani akundifunira zimenezo?"

Roneel anatulukira kumbuyo kwa mayi ake, atavala malaya atsopano a kolala yoimirira, tsitsi atalipesa ndi mafuta. Atamuona Torika, nkhope yake inagwa.

"Amayi, ndi za kumasewera. Ndikubwera."

Anatsogola mpaka kunjanji ya sitima ya nzimbe, kumene a m'nyumba sakanamva. Maso ake anali pa bandeji.

"Chachitika n'chiyani dzanjali?"

"Ndamenya thabwa lopanda tupa."



"Savenaca," anatero Roneel.

"Usatchule za Savenaca. Unapala kapena sunapale?"

"Ndinapala. Koma tamvera, Tori. Mwezi watha unalira kuseri kwa holo, unati watopa, ukusiya. Ukanasiya ndikanakuonera kuti? Kwanu sindingafike, kwathu sungafike. Holo ija ndiye malo athu okha. Ndinkati ukangothyola kamodzi, mantha atha, lenilenilo udzathyola wekha. Mphamvu uli nazo, chimakugwira ndi mantha."

"Nanga lero ukanabwera, thabwa latsopano lili m'manja mwako, ukanatani?"

"Ndikanalipinda pang'ono pamene ukumenya. Palibe akanaona."

Torika anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ndiye lambayo akanakhalanso wabodza. Ndikanamuvala moyo wanga wonse, ndikuyenda monyada m'tauni muno, iwe wekha ukudziwa kuti ndine chitsiru. Ukanandiuza kuti sindinakonzeke, ndikanapempha a Fong andidikire chaka china. Pano ndikupita ku Ra. Unkadziwa pangano langa ndi bambo."

"Ndilankhula ndi a Fong. Ndiwauza kuti wolakwa ndine."

"A Fong si bambo anga. Nanga wa ku Sydney?"

"Ndi zofuna za amayi. Andiuza dzulo kuti alendo afika lero, ndikanathawa bwanji? Ndangokhala pampando, ndamwa tiyi. Sindinavomere kanthu."

"Wakana?"

Sitima ya nzimbe inalira kutali. Roneel anakanda pansi ndi nsapato.

"Zinthu izi sizikanidwa tsiku limodzi. Pali malume, pali agogo. Ndikufuna ndipeze nthawi yabwino."

"Amayi ako akudziwa kuti ine ndine ndani kwa iwe?"

"Ndiwauza."

"Andipatsa maswiti a chinkhoswe chako, Roneel."

Asanayankhe, kunamveka mapazi pa miyala. Anali mtsikana wowonda, wa maso aakulu, atanyamula m'mphepete mwa sari yake yobiriwira kuti isade. Ankamwetulira mopanda chinyengo chilichonse.

"Ron, akukufuna m'nyumba, ansembe afika." Anatembenukira kwa Torika. "Ndiwe Torika, eti? Ine ndine Shalini. Ndakuzindikira ndi buluku. Amakutchula kawirikawiri pafoni, akuti pa ophunzira ake onse wakhama ndiwe. Mayeso ayenda bwanji?"

"Pafoni," anatero Torika.

"Ee, timacheza kuyambira pa Diwali. Kuonana maso ndi maso ndiye ndi lero."

Diwali. Torika anaikumbuka bwino, chikondwerero chija cha Amwenye choyatsa nyali. Tsiku limenelo Roneel anamubweretsera maswiti atakulunga m'pepala, nati chaka chamawa adzayatsa nyali limodzi pakhomo pawo.

"Mayeso ndalephera, mchemwali," anatero. "Aphunzitsi anga sanabwere. Amayi awo anadwala."

Shalini anayang'ana Roneel modabwa. Torika anatembenuka n'kuyamba kutsata njanji.

"Tori, dikira. Si mmene ukuganizira."

Sanacheuke. Switi lija anapeza kuti walifinya m'dzanja mpaka lasungunuka, ndipo analipukutira pa udzu.

*

Sanakwere basi. Anayenda wapansi kudutsa kudoko, dzanja likugunda ngati muli mtima wachiwiri. Foni inkangonjenjemera m'thumba. Atafika pa mlatho anaitulutsa.

"Ndimakukonda iwe wekha."

"Shalini wandifunsa, ndamuuza zonse. M'nyumba muno mwavuta."

"Yankha, chonde."

Anaibwezera m'thumba. Chimene chinkamuwawa sichinali Shalini kwenikweni. Ankangoona nkhope ya Roneel ya Lachinayi, akumuuza kuti wathyola ndiwe, maso ali gwa, osaphethira. Munthu wonama mokoma chonchija, ananamanso zingati? Anaganiza zoti akafika kunyumba akagwada pamaso pa bambo ake, akawauza kuti munanena zoona, ndipo Lolemba akwera basi ya ku Ra. Bambo ake okha ndi amene sanamunamizepo.

Dzuwa linali litapendeka pamene anakhota pa msewu wa kwawo. Anaima. Pakhomo panali magalimoto atatu, ina mwa iwo ya Savenaca. Pakhonde panali nsapato za amuna zokhazokha, ndipo m'nyumba munkamveka kuomba m'manja kwa apo ndi apo kwa anthu amene akhala mozungulira mbale ya kava, chakumwa cha pa miyambo.

Asanafike pa masitepe, dzanja linamukoka kulowera kukhitchini. Anali azakhali ake a Unaisi, a ku Ra aja.

"Unali kuti, mwana iwe? Taona mmene ukuonekera. Samba msanga, diresi ndakusitira kale."

"Azakhali, mwabwera liti? Kwagwanji?"

"Kwagwa zabwino. Suzumira."

Torika anasuzumira pa katani. Mikeka yatsopano inali itayalidwa pabalaza ponse. Mkulu wina wa imvi anagwada pakati, atanyamula dzino la namgumi la chingwe choluka, lija anthu amabwera nalo pofunsira mbeta, akulankhula motsitsa mawu aulemu. Kumbuyo kwake kunakhala Savenaca, atavala malaya oyera, mutu ataweramitsa ngati mwana wa kwaya. Moyang'anana nawo munali a Inoke, nkhope ili phee.

"Ndi amalume ake a Savenaca," ananong'ona azakhali. "Banja labwino, la kwathu komwe. Ine ndafika dzulo, ndinagona kwa abusa kuti usandione. Mikeka iyi ndabwera nayo ndine."

"Dzulo?" Torika anasiya katani. "Mayeso achitika lero m'mawa."

"Tsikuli anapangana kale ndi bambo ako, sabata yatha. Anati ukalephera, anthu abwere madzulo ake omwewo, mtima usanapite kwina."

"Nanga ndikanapambana?"

Azakhali anaseka pang'ono, akupukuta makapu.

"Savenaca anawatsimikizira bambo ako kuti sungapambane. Anawauza za thabwa lopala lija. Bambo ako anati musamuuze, aphunzire yekha kuti Mmwenye wakeyo ndi wotani."

Torika anatsamira khoma. Anakumbukira bambo ake atakhala kutsogolo mu holo, akumuyang'ana akumenya kachitatu. Anayang'ana mpango wawo, umene unali udakali m'thumba la buluku, utadetsedwa ndi magazi a pa zala zake.

"Ankadziwa," anatero. "Anakhala pampando paja akudziwa."

"Amakufunira zabwino. Usapange nkhope imeneyo, alendo angaone."

Pabalaza mawu a mkulu uja anatha. Amuna anaomba m'manja pamodzi. A Inoke anakhosomola.

"Dzinoli sindiligwira ndisanamve mwini wake," anatero. "Unaisi, mwanayo wafika? Torika, lowa mwana wanga. Anthuwa akudikira yankho lako."

Azakhali anamukankha pamsana. Torika anapatula katani n'kuima pakhomo la pabalaza, ali m'buluku lake loyera lomwe lija, bandeji ili pamtunda. Maso onse anatembenukira kwa iye. Savenaca anadzutsa mutu n'kumwetulira.

Panja panaima takisi. Chitseko chinamenyedwa, mapazi anakwera masitepe mothamanga, n'kuima pakati pa nsapato zija.

"Odi," anatero mawu a Roneel, akupuma mwabefu. "Ndabwera kudzaonana ndi bambo a Torika."